Rush Hour: miyezi itatu chigulireni, kwathu ku Chibavi

Ndinagula masewerawa mu June, nthawi imene Mzuzu imazizira mpaka ana kukana kutuluka panja. Mnyamata wanga ali ndi zaka 9, ndipo akaweruka kusukulu ntchito yake inali imodzi basi, kundilirira foni. Ndinawapeza pa kaunjika wa zidole mumsika waukulu, kabokosi kali kong'ambika m'makona koma zamkati zili bwinobwino. Wogulitsayo sankadziwa n'komwe kaseweredwe kake. Anangoti, "Mayi, tengani, ana azikakankha timagalimoto."

Dzina lake ndi Rush Hour, opanga ake ndi a ThinkFun. Anawatulukira ndi Nob Yoshigahara wa ku Japan, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1996. Mkati muli kathabwa kapulasitiki ka timabokosi 6 uku ndi 6 uku, timagalimoto totenga malo awiri, timalole totenga malo atatu, komanso makadi 40. Khadi lililonse limaonetsa mmene uyalire magalimoto, kenako iwe utulutse galimoto yofiira pa kakhomo kamodzi kali m'mbali. Sunyamula galimoto, sukhotetsa, umangoikankhira kutsogolo kapena kumbuyo mumzere wake. Amene munaimapo pa depoti m'mawa minibasi zitatsekerezana, makondakitala akukuwizana kuti wina abwerere kaye, mwamva kale mmene zimakhalira.

Makadi 10 oyambirira anawamaliza masiku awiri, akudzitama kuti n'zophweka. Vuto linayambira pa gulu lachiwiri. Tsiku lina madzulo magetsi atazima, ine ndili pa mbaula ndikuvundula nsima, iye anali pamkeka ndi kandulo, khadi limodzi litamukanika chiyambire masana. Anakankha uku, anakankha uko, magalimoto n'kubwerera pomwe anayambira. Misozi inalengeza m'maso. Ndinamuona akunyamula lole yachikasu mwakabisira, mlongo wake n'kukuwa kuti, "Amayi, akubera!" Anaibwezera, n'kukhala chete nthawi yaitali osakhudza kanthu, chala chili pakamwa. Kenako anati, "Amayi, yofiirayi iyenera kubwerera kaye m'mbuyo kuti lole ipeze podutsa." Sipanapite mphindi ziwiri galimoto inatuluka.

Mawu amenewo ndi amene andilembetsa ndemangayi. Mwana uyu anali wopupuluma, chinthu chikamukanika kamodzi amachitaya. Tsopano amayambira pa kakhomo kaja n'kumadzifunsa mokweza: watseka njira ndani? Nanga iyeyo wamutsekera ndani? Amatsatira mpaka atapeza galimoto yoyenera kuyamba kusuntha, imene kawirikawiri imakhala kutali ndi yofiirayo. Sindinganene kuti masewerawa amukweza kalasi, ayi. Koma ndaona kuti samu za mawu, zija za "mayi anagula tomato wa ndalama zakuti", sakuthamangiranso kuphatikiza manambala onse amene wawaona. Amawerenga funso kaye, n'kuyamba ndi chimene akufunsidwa.

Agogo ake atabwera kuchokera ku Ekwendeni anakhala naye pansi kuonerera. Iwo anati izi n'zimene bawo inkawaphunzitsa, kuti usanatole njere uwerengeretu kumene dzanja likagone. Ndikugwirizana nawo ndithu, ndipo ndikufuna mwanayu aphunzirenso bawo. Kungoti bawo imafuna anthu awiri, pamene Rush Hour mwana amalimbana nayo yekha ine ndikugwira ntchito zina. Sifuna batire, sifuna bandulo, ndipo kuno kumene mvula imatha kugwa tsiku lathunthu, zimenezi n'zothandiza kwambiri.

Pali zingapo zoti muchenjere nazo. Ine ndinalipira osawerenga, nditafika kunyumba ndinapeza kuti kagalimoto kamodzi palibe. Nditabwerera wogulitsa uja anati katundu wa m'belo amabwera choncho, ndipo sanabweze kalikonse. Zinandiwawa. Bambo ake anasema kachidutswa ka mtengo wa paini kofanana kukula, tikugwiritsa ntchito komweko. Mukamagula pa kaunjika werengani: magalimoto onse pamodzi ndi malole akhale 16, makadi 40. Chinanso, mayankho amalembedwa kuseri kwa khadi lililonse. Mlungu woyamba ndinamugwira akusuzumira, ndiye tinapangana kuti akayala magalimoto, khadi amandipatsa ndisunge m'thumba la epuloni. Akakanika kwambiri ndimamuuza kusuntha koyamba kokha. Ndipo ngati m'nyumba muli kamwana kokwawa, sungani timagalimototi pamwamba, chifukwa n'tating'ono ndipo timathamangira kukamwa.

Opanga amati ndi a ana oyambira zaka 8, ndipo ndikuona kuti n'zoona. Mlongo wake wa zaka 6 amatha makadi oyamba okha, ena amangokhumudwa nawo. Pali mtundu wina wa ana aang'ono wotchedwa Rush Hour Junior, umenewo ndikuufunafunabe.

Kwa makolo amene mwana wanu amagwa ulesi msanga zikamuvuta, ndikuti gulani mukawapeza. Wanga pano ali pa khadi 27. Lero ndi tsiku lachinayi likumukanika, ndipo dzulo nditati ndimuwerengere kusuntha koyamba anakana, akuti ndidikire mpaka Loweruka.