YouVersion Bible App pokonzekera phunziro la mphatso za Mzimu

Pulogalamu ya pa foniyi ndi yaulere, ndipo imathandiza kwambiri mlaliki amene akukonzekera 1 Akorinto 12 mpaka 14. Mukakhudza vesi, sankhani Compare kuti muone vesilo m'matanthauziro angapo pamodzi. Yesani pa 14:27-28: olankhula malilime akhale awiri, osapitirira atatu, mosinthana, ndipo wina amasulire. Womasulira akasowa, wolankhulayo akhale chete mu mpingo. Matanthauziro akaikidwa pamodzi, lamuloli limamveka bwino, palibenso pokanganirana.

Vuto lake lili pomwepo. Compare imakuonetsani vesi lomwe mwasankha lokha, choncho n'kosavuta kudumpha 14:37, pamene Paulo akunena kuti zimene akulembazo ndi lamulo la Ambuye, kapena 14:39, pamene akuti musaletse kulankhula malilime. Werengani mutu wonse kaye.

Tsitsiranitu Baibulo lomwe mukufuna mukadali pa intaneti, chifukwa netiweki ikadula muli paguwa, tsamba silitseguka. Mapemphero asanayambe, ikani foni pa airplane mode kuti mauthenga asalire pamene wina akunenera ndipo ena akuyesa mawuwo, monga 14:29 ikunenera.