Oilo wa 2T mu petulo: 50:1 kapena 25:1?

Injini za two-stroke za makina otchetchera udzu zilibe posungira oilo, oilo wake, wotchedwa 2T, amayendera limodzi ndi petulo. Makina a Stihl ndi Husqvarna amafuna 50:1, ndiye kuti mamililita 100 a oilo wa 2T pa malita 5 a petulo. Utsi umachepa, pulagi sida msanga.

Koma makina ambiri otchipa ochokera ku China amalembedwa 25:1, mamililita 200 pa malita 5 omwewo. Apa utsi umachuluka ndithu, mwaye n'kumatseka ekizozi. Komabe musathamangire kuchepetsa oilo pofuna kusunga ndalama. Akapereŵera, pisitoni imatentha n'kukanirira, injini yatha basi.

Tsatirani mlingo wolembedwa pa makina anuwo. Oilo wa galimoto ayi, sapsa bwino.