Remington 870 DM ndi Mossberg 590M: yogula ndi iti?

Zonse ziwiri ndi mfuti za ku America za 12 gauge (muyezo wa kukula kwa bowo la mpope wa mfuti), zokoka ndi dzanja, zodya makatiriji (zipolopolo) kuchokera m'magazini (kabokosi ka makatiriji) yochotseka. Remington inatulutsa 870 DM kumapeto kwa 2017, Mossberg n'kutsatira ndi 590M mu 2018.

Magazini: ya 870 DM imasanja makatiriji mzere umodzi, 3 kapena 6. Ya 590M ndi ya mizere iwiri, ilipo ya 5, 10, 15 ndi 20.

Makatiriji: 870 DM imalandira otalika mainchesi 2¾ ndi 3, 590M a 2¾ okha.

Thunthu (gawo lapakati, polowera magazini): la Remington ndi lachitsulo, la Mossberg la aluminiyamu.

Kuika magazini: pa 870 DM mumangokankhira m'mwamba molunjika. Pa 590M mumakoletsa kutsogolo kaye, kenako n'kukokera kumbuyo mpaka itati kwe! Mukafulumira imaphonya, choncho pamafunika kuzolowera.

Vuto la zonse ziwiri ndi limodzi. Makatiriji ndi apulasitiki, ndiye akakhalitsa m'magazini yodzaza yoikidwa pamfuti, sipuling'i imafinya yapamwambayo mpaka kuphwatalala, n'kumakanirira polowa. Magazini ya 20 nayo ikadzaza imalemera, mfuti imalendewera pansi.

Mtengo: magazini a Mossberg ndi odula kwambiri, koma amapezeka. A 870 DM akhala akusowa chigwereni kampani ya Remington mu 2020.

Wampikisano wowombera, wofuna makatiriji ambiri, atenge 590M. Mlenje wogwiritsa ntchito a mainchesi 3 angakonde 870 DM, bola agule magazini awiri kapena atatu tsiku lomwelo.