Sirinji yomwetsera ana mankhwala ndi yabwino, koma manambala ake amafufutika msanga

Ndikunena sirinji yopanda singano ya 10 ml, imene amagulitsa m'mafamase kuti tizimwetsera ana mankhwala amadzi. Yanga ndinagula ku famase ina ku Limbe pamodzi ndi botolo la paracetamol la mdzukulu wanga, ndipo mtengo wake sunandidandaulitse. Chigulireni, masupuni a tiyi ndinasiya kuyezera mankhwala.

Pa botolo akalemba kuti supuni imodzi amatanthauza 5 ml, koma masupuni a m'nyumba zathu si ofanana. Ina ndi yakuya, ina yaphwatalala. Ndiye mwana wodwala akapukusa mutu, theka limathera pa malaya, iwe n'kutsala ukudzifunsa ngati uwonjezere kapena ayi. Sirinji ulowetsa pambali pa tsaya mkati, n'kumakankha pang'onopang'ono mwana akumeza. Osapopera kukhosi, angatsamwe.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi mtsikana wogulitsayo. Sanangondipatsa katundu n'kulandira ndalama. Anafunsa kuti, "Agogo, mwanayu sikelo yake ndi ingati?" Buku lake la kusikelo linali m'chikwama, ndipo munalembedwa 12 kg. Anatenga cholembera n'kuwerengera pa katoni ine ndikuona. Paracetamol wa ana amapereka 10 mpaka 15 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, pa kumwa kumodzi. Iye anatenga 15 kuchulukitsa ndi 12, zinapereka 180 mg. Botolo lathu linalembedwa 120 mg mu 5 ml, kutanthauza kuti mu 1 ml muli 24 mg. Ukagawa 180 ndi 24 upeza 7.5 ml. Kumwa kwake ndi maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi usana ndi usiku womwe, ndiye pa tsiku lonse malire ndi 30 ml. Botolo la 100 ml likhoza kutha m'masiku atatu ndi pang'ono.

Tandiuzani, 7.5 ml mungayeze bwanji ndi supuni? Pa sirinji pali kamzere kake.

Pali china chimene ambiri sitiyang'ana: mphamvu ya mankhwala yolembedwa pa botolo. Paracetamol wina, wa ana okulirapo, amakhala 250 mg mu 5 ml. Mdzukulu wanga yemweyu atapatsidwa 7.5 ml ya ameneyo wamwa 375 mg, kuposa kawiri mlingo wake, ndipo paracetamol akachuluka m'thupi amawononga chiwindi. Mankhwala ena a chimfine ndi chifuwa amakhalanso ndi paracetamol mkati, choncho kuphatikiza mabotolo awiri osawerenga n'koopsa. Sirinji singakuwerengereni zimenezi. Imangoyeza zimene mwaiuza.

Inatithandizanso pa amoxicillin, uja wa ufa amene umathira madzi owiritsa ozizira mpaka pa mzere wa botolo n'kukhutchumula. Adokotala analemba 5 ml katatu pa tsiku kwa masiku asanu. Pa tsiku ndi 15 ml, onse pamodzi 75 ml, ndiye m'botolo la 100 ml motsala 25 ml. Mayi ake a mwana ankafuna kusunga otsalawo kuti adzagwire tsiku lina. Ndinakana, chifukwa akasungunulidwa sakhalitsa, ndipo pa botolo pamalembedwa masiku ake.

Zoipa zake zilipo. Manambala ndi osindikiza pamwamba chabe, ndipo ndi kutsukatsuka ndi sopo ayamba kale kufufutika, makamaka pakati pa 5 ndi 8 pomwe chala chimagwira. Ife a maso otopa timachita kuyandikira pa windo. Tsopano ndimangotsukuluza mkati ndi madzi oyera, kunja osakwecha. Chinanso, ndi yonenepa moti silowa pakamwa pa mabotolo ena, ndiye mankhwala akatsika umayamba wathira m'kachivindikiro n'kukoka kuchokera mmenemo. Kwa khanda lomwe limamwa 2.5 ml kapena kucheperapo, funsani ya 5 ml, mizere yake ndi yotalikirana bwino.

Ndingaigulenso, ndipo ulendo uno ndigula ziwiri kuti ina izikhala kwa makolo ake. Koma thupi la mwana likatentha, pitani naye kaye akamuyeze malungo. Paracetamol amangotsitsa kutentha, sachiza malungo.