Miyezi 8 ndikugawa sikirini ya laputopu pawiri ndi Snap ya Windows 11

Ntchito yanga yaikulu ndi yokopera manambala. Malisiti amandipeza atasikanidwa kale kukhala PDF, ine n'kumalowetsa mzere ndi mzere mu Excel: tsiku, dzina la katundu, kuchuluka kwake, mtengo. Fayilo imodzi imatha kufika mizere 300. Kwa zaka zambiri ndinkadalira mabatani a Alt ndi Tab. Kuyang'ana nambala pa PDF, kuisunga m'mutu, kudumphira ku Excel, kuilemba, kubwereranso. Pobwerera m'pamene pankavuta, chifukwa diso silinkagwera nthawi zonse pa mzere umene ndinasiyira. Tsiku lina ndinalumpha mizere iwiri osadziwa. Ndinadzazindikira madzulo masamu atakana kugwirizana, ndipo maola awiri anathera pofufuza pamene panasokonekera. M'mawa mwake ndinayamba kugwiritsa ntchito Snap.

Snap si pulogalamu yochita kuikamo, ili kale m'kati mwa Windows. Inayamba ndi Windows 7 mu 2009, pamene munthu ukakokera windo m'mphepete mwa sikirini inkadzaza theka. Windows 10 mu 2015 inawonjezera ngodya zinayi, ndipo Windows 11 mu 2021 inabwera ndi timabokosi tosonyeza magawidwe osiyanasiyana, timene timaoneka ukaimika mausi pa batani lokulitsira windo, kapena ukadina batani la Windows pamodzi ndi Z. Ine timabokosito sindikhudza kawirikawiri. Ndimadina pa PDF, kenako batani la Windows ndi muvi wakumanzere. Nthawi yomweyo theka lotsalalo limaonetsa tizithunzi ta mawindo ena onse otsegula, ndimasankha Excel, basi ntchito yayamba.

Pali zinthu ziwiri zimene zinandikopa zenizeni, ndipo zonse ndi zazing'ono. Choyamba ndi malire a pakati pa mawindo awiriwo. Mukawakoka, windo ina imakula inzake ikuchepa nthawi imodzi, popanda kusiya mpata kapena kuphimbana. Lisiti ndi lopapatiza, choncho ndimalipatsa gawo limodzi mwa magawo atatu, kwinako n'kusiyira Excel. Chachiwiri ndicho ndimachikonda koposa. Ndikaika mausi pamwamba pa PDF n'kupukusa kagudumu, tsamba limatsika ngakhale sindinadinepo, ndipo kiyibodi imakhalabe ikulemba mu kabokosi ka Excel kamene ndinasiyira. Ndiye kuti dzanja lamanja limatsitsa lisiti, maso amawerenga, zala zimalemba, popanda kutaya malo. Amene sanakoperepo manambala tsiku lathunthu angaone ngati n'zosanunkha kanthu, koma kwa ine apa m'pamene zolakwika zinachepera.

Tsopano za kukula kwa sikirini, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Laputopu yanga ndi ya mainchesi 14, ya 1920 ndi 1080. Mukawerengera, theka lililonse liyenera kukhala ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi pa sikirini) 960 m'lifupi, ndipo amenewo ndi okwanira. Koma sabata yoyamba ndinkadabwa kuti Excel ikungoonetsa mizati yochepa kwambiri. Ndinadzapeza kuti zolemba ndi zithunzi zonse zinali zitakulitsidwa kufika 150%, monga zimakhalira pa malaputopu ambiri ang'onoang'ono kuti zilembo ziziwerengeka. Pa 150% sikirini imagwira ntchito ngati ya 1280 m'lifupi, ndiye theka limangotsala 640. Nditatsitsa kufika 125% mu Settings, pansi pa System ndi Display, theka linakhala 768, ndipo mizati yonse imene ndimafuna inalowa. Zilembo zinachepako pang'ono, maso anga anazolowera m'masiku ochepa. Wina amene maso amamuvuta mwina sangalole zimenezi, ndipo sindingamutsutse. Laputopu yanga yakale inali ya 1366 ndi 768, theka lake 683 basi, popanda chotsitsa chilichonse. Pa makina ngati amenewo kugawa pawiri kumatheka, koma mumakhalira kukankhira tsamba uku ndi uku.

Kugawa panayi ndinayesako kwa masiku atatu: PDF, Excel, imelo ndi browser, chilichonse pangodya pake. Pa mainchesi 14 sizinandithandize. Mzere wa mabatani wa pamwamba pa Excel unkadya malo ambiri moti mizere yolembamo inkangooneka yowerengeka. Ctrl ndi F1 amabisa mabataniwo, ndipo ndimawabisa ngakhale pano, komabe mawindo anayi pa kasikirini kotere ndi ochuluka.

Masiku atatuwo anandiphunzitsa chinthu china chimene sindinkayembekezera. Imelo ikakhala pambali, diso limathamangira komweko uthenga uliwonse ukalowa, ndipo pobwerera limagweranso pa mzere wolakwika, vuto lomwe lija ndinkathawa. Ndinaona kuti kugawa sikirini kumandithandiza pamene mawindo onse awiri ali a ntchito imodzi, ina yowerenga, ina yolembamo. Akakhala a ntchito ziwiri zosiyana, mutu umagawikanso pamodzi ndi sikiriniyo. Choncho imelo ndi mauthenga ndinazisamutsira pa desktop ina, imene ili ngati sikirini yachiwiri yobisika pa laputopu yomweyo. Mabatani a Windows, Ctrl ndi D amatsegula yatsopano, ndipo Windows, Ctrl ndi muvi amandipititsa kumeneko ndikamaliza tsamba. Zili pafupi, koma sizioneka.

Zosasangalatsa zilipo ndithu. Mapulogalamu ena ali ndi malire a kuchepa kwake, ndiye ukawapatsa gawo laling'ono amakana n'kulowerera mbali ya anzawo. Pulogalamu ina yowerengera ndalama imene ndimagwiritsa ntchito nthawi zina imachita zimenezi, ndipo ndinangoisiya kuti izikhala yokha. Timabokosi timene timatsika ukakokera windo chakumtunda tinkanditulukira ngakhale pamene ndimangofuna kusuntha windo pang'ono. Ndinatizimitsa mu Settings, pansi pa System ndi Multitasking, pamene pali malo osankhira mbali iliyonse ya Snap payokhapayokha. Windows 11 imakumbukiranso mawindo amene mwawaphatikiza. Mukaimika mausi pa chizindikiro cha Excel pa taskbar, mzere wa zizindikiro wa m'munsi mwa sikirini, gulu lonse limaoneka, n'kulibweretsa ndi kudina kumodzi. Koma mukatseka mapulogalamuwo gululo limatha, ndiye m'mawa uliwonse ndimayala mwatsopano. Ndi ntchito ya masekondi ochepa, ngakhale ndikanakonda likanamasungika.

Ofuna zambiri angayese FancyZones, imene ili m'gulu la PowerToys, mapulogalamu aulere a Microsoft. Imakulolani kujambula magawo anuanu, ndipo mukamakoka windo mutagwira Shift imalowa m'gawo limene mwasankha. Ndimaigwiritsa ntchito ndikalumikiza laputopu ku sikirini yaikulu. Pa laputopu yokha sindinaone kufunika kwake. A Mac nawonso ali ndi Split View kuyambira 2015, pogwiritsa ntchito batani lobiriwira la pa windo, ndipo macOS Sequoia ya 2024 inawonjezera zokokera windo m'mphepete.

Mnzanga wina wa kuntchito anandifunsa mwezi watha laputopu yoti agule, poti naye amalowetsa manambala. Ndinamuuza kuti asanafunse china chilichonse aone kaye ngati sikirini ndi ya 1920 ndi 1080, ndipo ngati angapirire kulemera, atenge ya mainchesi 15.6. Ataibweretsa, tinatsegula lisiti kumanzere, Excel kumanja, n'kuika 125%. Mizati yake yonse 7 inaoneka popanda kukankha tsamba.