Chingerezi cha ku Nottingham chomwe sindinachiphunzire kusukulu

Inu a kwathu amene mukukonzekera ulendo wodzagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, ndikuuzeniko zomwe zinandionekera. Ndinafika ku Nottingham ndikudzidalira pa Chingerezi popeza ndinali nditakhoza bwino MSCE ndi mayeso oyesa luso la Chingerezi a IELTS, koma pasanathe sabata ndinazindikira kuti zolankhula za anthu a kuno ndi zosiyana kwambiri ndi za m'mabuku.

Choyamba kundisokoneza chinali moni. Munthu akati "You alright?" sakufunsa za matenda ayi, akungokupatsani moni, ndipo mukayankha kuti "Yeah, you?" nkhani yatha. Ine ndinkaima kuti ndifotokoze m'mene ndadzukira monga timachitira kwathu, koma pomatsegula pakamwa wofunsayo anali atafika kale patali.

Chomwe sindidzaiwala chinachitika usiku wina pantchito. Gogo wina wa zaka zoposa 90 anandigwira dzanja n'kundinong'oneza kuti akufuna "spend a penny". Ine ndinatsegula kabati n'kuyamba kufunafuna kachikwama kawo ka ndalama, iwo akungondiyang'ana mwankhawa, mpaka mnzanga wa pantchito atalowa n'kundiuza kuti gogowo akufuna kupita kuchimbudzi. Mawuwa anayamba kale pamene zitseko za zimbudzi za m'tauni zinkatseguka munthu akaponyamo peni imodzi, ndipo okalamba amawagwiritsabe ntchito pofuna kulankhula mwaulemu, monga momwe ife timanenera kuti tikukadzithandiza. Zinandipweteka mtima kuti munthu wamkulu chotere, amene anapempha mwaulemu wonse, anavutika nthawi yaitali chifukwa cha kusamva kwanga.

Pa zakudya palinso msampha. Anthu ambiri a dera lino akati "tea" amatanthauza chakudya chamadzulo, "dinner" ndi nkhomaliro, pamene tiyi wakumwa amamutcha "cuppa" kapena "brew". Wodwala akanena kuti sanalandire "tea", musathamangire ketulo, chifukwa mwina munthuyo akugona ndi njala. Za ndalama n'zosavuta: "quid" ndi paundi imodzi, "fiver" ndi mapaundi 5, "tenner" ndi mapaundi 10. Pothokoza amati "cheers" kapena "ta", ndipo wotopa kwambiri amati ali "knackered".

Mawu amene ananditengera nthawi kuti ndiwazolowere ndi akuti "duck", kutanthauza bakha. Dalaivala wa basi atandiuza kuti "Ay up, me duck" ndinakhumudwa, chifukwa kwathu kutchula munthu wamkulu dzina la chiweto ndi chipongwe chofika nacho kwa amfumu. Kuno ndi mawu achikondi, ofanana ndi "love", ndipo amauzidwa mwamuna kapena mkazi, mwana ngakhale nkhalamba. Tsopano akandiitana choncho ndimasangalala, koma pakamwa panga pamakanabe kutchula gogo wa imvi kuti bakha, choncho ndimayamba ndawafunsa dzina limene iwo eni akufuna kuti ndiziwaitanira.