Tinalipirira chipinda cha pansi, amayi anakwezedwa nsanjika yachitatu

Ndapereka nyenyezi zitatu, koma ziwiri mwa zimenezi ndi za bambo amene amaphika chakudya cham'mawa. Yotsalayo ndi ya malo pamene nyumbayi ili, chifukwa kuchoka pakhomo kukafika pageti la Pleasure Beach, paki ya makatungwe ya ku Blackpool, ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi. Mayi wa pa desiki uja sindinamupatse kanthu, ndipo ndikufuna amene akuganiza zobwera ndi kholo lokalamba pa gesitihausi iyi adziwe chifukwa chake.

Amayi anabwera kuno ku England pa viza ija ya miyezi 6, ndipo nthawi yambiri inangothera m'nyumba ku Manchester, ife tili kuntchito. Ndinati asabwerere kumudzi atangoona Tesco ndi tchalitchi basi. Blackpool mu Okutobala inali yosavuta kusankha: sitima ndi ya ola limodzi ndi mphindi zingapo, magetsi okongoletsa m'mbali mwa nyanja aja a Illuminations amakhala akuyaka, pakiyo imakhala isanatseke. Ndinatenga phukusi lawo lija la chipinda, chakudya cham'mawa ndi matikiti a paki. Pamwamba pake ndinawonjezera mapaundi 30 aja amene amati ndi a chipinda cha pansi. Ndinaimba foni, ndinalembanso imelo kuti amayi ali ndi nyamakazi m'maondo, amayenda ndi ndodo, masitepe sangathe. Yankho linabwera la mawu awiri, kuti palibe vuto.

Tinafika chakumadzulo, mvula yowaza ija ikugwa chopingasa ndi mphepo. Mayi wa pa desiki anali pa foni yake, ndipo sanadzutse mutu mpaka nditatchula dzina kachiwiri. Anatulutsa kiyi n'kuiika patebulo, n'kunena kuti chipinda chathu chili pamwamba penipeni, tikhotere kumanja. Ndinaganiza kuti wasokoneza ndi alendo ena. Ndinamuonetsa imelo ija pa foni. Anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti chimenecho chinali pempho chabe, iwo salonjeza. Ndinafunsa kuti nanga pempho amalipiritsa mapaundi 30? Anati zimenezo ndikambirane ndi abwana, ndipo abwanawo kulibe mpaka Lolemba. Chipinda cha pansicho, malinga ndi iye, munalowa kale banja lina limene limabwera chaka chilichonse ndi galu wawo, ndipo galuyo sakwera masitepe.

Galu sakwera masitepe. Anandiuza zimenezi amayi ataimirira pomwepo, atatsamira ndodo, jekete ikudontha madzi.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri si chipindacho ayi, koma mmene ankalankhulira za amayi ngati palibe. Ankafunsa ine kuti kodi iwowa sangayeseko pang'onopang'ono, kodi iwowa akumva zimene tikunena. Kenaka anatembenukira kwa amayi n'kuyamba kukweza mawu, kutchula liwu limodzilimodzi, manja akuloza kumwamba. Amayi anaphunzitsa ku pulayimale moyo wawo wonse mpaka kupuma. Anamusiya amalize, n'kumuyankha m'Chingerezi chawo chodekha chija kuti akumva bwinobwino, vuto lili m'maondo, osati m'makutu. Mayiyo sanapepese. Anangobwerera pa foni yake.

Ndinayesa kufufuza malo ena pomwepo, koma inali sabata ya half-term, ana ali pa holide, ndipo chimene chinatsala chinali cha mtengo wowirikiza kapena chakutali ndi nyanja. Amayi anandigwira mkono. "Iwe, usakangane naye, tafika kale. Tiye."

Amene simunagonepo m'magesitihausi a ku South Shore, dera la Blackpool kumene kuli pakiyi, dziwani kuti ambiri ndi nyumba zakale zogundizana, zopapatiza koma zazitali, ndipo chikepe mulibe. Pa tsamba lawo sanalembe zimenezi paliponse poonekera. Masitepe ake ndi oimirira ngati makwerero a pa nkhokwe, kapeti yake yoperepeseka m'mphepete mwa sitepe iliyonse, pamene phazi limafuna kugwira. Chogwirira chili mbali imodzi yokha, ndipo chifukwa cha Halloween anachikulunga ndi thonje lija loyerekezera ukonde wa kangaude, moti dzanja linkaterereka. Amayi ankakwera sitepe imodzi, kuika mwendo wabwinoko patsogolo, kukoka winawo, kupuma. Ine kumbuyo ndi masutikesi awiri, wokonzeka kuwawakha. Getsi la pamasitepepo ndi lija lodina batani limene limazima lokha pakapita kanthawi, ndiye linatizimira tili pakati, ine n'kusiya katundu kukafufuza batani mumdima. Litayaka, pakona panali chigoba cha munthu chapulasitiki chitapachikidwa, chikuyang'anizana ndi amayi. Iwo ndi a Mvano, zinthu zotere saseka nazo. Anangoti, "Mafupa a munthu pakhomo la alendo?" n'kupitiriza kukwera.

Sizinali zoseketsa nthawi imeneyo. Mlendo wa viza yotere akagonekedwa m'chipatala cha boma (NHS) kuno ku England amalipira yekha, ndipo amamulipiritsa 150 peresenti ya mtengo wake. Inshuwalansi tinali nayo, koma palibe amene amafuna kukaiyesera pa chiuno cha mayi ake chifukwa cha galu wa munthu wina.

Chipindacho chinali chaukhondo, zimenezo ndisaname. Koma shawa yake ili m'bafa lalitali m'mbali, loti munthu wa maondo otere sangalowemo, ndiye amayi anasamba ndi kathawulo pa sinki. Hita inazima pakati pa usiku, zenera likugwedezeka ndi mphepo ya pa Irish Sea. Amayi ndi a ku Dedza, kuzizira kwa mu Juni amakudziwa, koma usiku umenewo anagona ndi jekete ndi mpango kumutu. Magetsi amene tinabwerera aja sitinawaone tsiku limenelo, chifukwa akanatsika sakanakweranso. Ndinakagula fish and chips n'kudyera pabedi, ndikulemba m'mutu ndemanga ya nyenyezi imodzi.

Kutacha tinatsika kukadya, amayi akutsika chammbali, manja onse awiri pa chogwirira. Bambo wina wachikulire wovala epuloni anaima pansi pa masitepe ndi thireyi m'manja, kutiyang'ana mpaka tinafika. Anafunsa nambala ya chipinda chathu. Nditamuuza anangogwedeza mutu, sananene kanthu za mnzake uja. Anakhazika amayi pafupi ndi hita, ndipo ataona kuti nyemba za shuga ndi black pudding sakuzikhudza, anapita kukhitchini n'kubwera ndi phala la oats lotentha, mkaka padera, ndi tiyi wa mu thipoti osati wa m'kapu. Anawafunsa amayi eni ake, osati ine, ngati akufuna uchi kapena shuga. Kenaka anandipempha kiyi. Anati tipite tikasangalale, katundu atsala akuona.

Titabwerako tinapeza masutikesi ali m'chipinda cha pansi, kuseri kwa chipinda chodyera. Si chija tinalipirira, ndi china chaching'ono chimene zikuoneka kuti ogwira ntchito amapumiramo, zenera lake loyang'ana ku mabini. Koma shawa yake ndi yongolowa, ndipo pabedi la amayi anaikapo botolo la madzi otentha atalikulunga m'thawulo. Masutikesi awiri aja anawatsitsa yekha, munthu wamkulu kuposa ine ndi zaka zambiri. Ukonde wa kangaude uja anauchotsanso pa chogwirira. Apa ndi pamene mtima unayamba kutsika.

Ndi iyenso amene anatiuza kuti tisavutike ndi takisi kapena kuyenda pa Promenade, msewu wa m'mbali mwa nyanja, koma tikwere tram, kasitima ka magetsi koyenda m'tauni. Ma tram atsopanowa pansi pake ndi pofanana ndi pokwerera, munthu wa ndodo amangolowa osakweza mwendo. Njanjiyi ilipo kuyambira 1885, imachokera ku Starr Gate mpaka ku Fleetwood, ndipo masiku ano nthambi ina imafika pa siteshoni ya sitima ya Blackpool North. Zimenezi mayi wa pa desiki akanatha kutiuza pa imelo ija, tikanasunga ndalama ya takisi ya tsiku lofika.

Matikiti a paki anagwira ntchito bwino, anabwera pa foni, pageti sitinachedwe. Kwa amene mukukonza ulendo ngati uwu, yang'anani kalendala ya pakiyo musanalipire chipinda, chifukwa mu Okutobala sitsegula tsiku lililonse, ndipo kukakhala mphepo yamphamvu makatungwe ataliatali amayamba aimitsidwa. Ife tinapeza onse akuyenda. Amayi anaima pansi pa The Big One, chija chofiira cha 1994 chotalika mamita oposa 60, n'kumvetsera anthu akukuwa m'mwamba. "Amenewa alipira okha kuti azunzike chonchi?" Sindinawakakamize. Big Dipper ya 1923 ndi Grand National ya 1935 ndi zamatabwa, zimagwedeza msana, si za munthu wa nyamakazi. Valhalla imanyowetsa mpaka zovala zamkati, ndipo mu Okutobala simungaume. Chimene anakwera ndi kasitima kakang'ono kozungulira paki, kenaka Flying Machines, timandege tija tozungulira pa zingwe timene Hiram Maxim anapanga mu 1904. Nditawauza chakacho anati ndiye kuti ndi chachikulu kuposa agogo awo, ndipo ngati chafika lero chisanagwetse munthu akwera. Anatsika akuseka, mpango uli pakhosi. Ine ndinakwera katungwe wa ICON ndekha iwo atakhala ndi tiyi pamalo obisika ku mphepo. Kumadzulo nyengo imeneyi kumakhala zoopseza za Halloween za tikiti yapadera, ife tinatuluka zisanayambe.

Usiku umenewo, popeza panalibenso masitepe otidikira, tinapita kukaona magetsi. Amayambira ku Starr Gate mpaka ku Bispham, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndipo kuona n'kwaulere. Anayamba mu 1879 ndi nyali 8 zokha. Magalimoto pa Promenade amangokwawa, tram imawadutsa. Kumapeto kwa Bispham ndi kumene kuli zithunzi zikuluzikulu za magetsi zoyendayenda, ndipo ndi kumene tinatsika pang'ono mpaka mphepo itatibweza. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, nkhope pagalasi, kenaka anafunsa kuti bilu yake amalipira ndani, ndipo ngati sazimako ngakhale tsiku limodzi. Mawotchi akabwerera m'mbuyo Lamlungu lomaliza la Okutobala kumada msanga, magetsi amayakanso msanga, ndiye kholo limene limagona 9 koloko likhoza kuona zonse osaphonya tulo. Ku Tower Ballroom, holo yovinira ya mu nsanja ya Blackpool Tower ya 1894, tinapitako mwachidule tsiku lobwerera. Limba la Wurlitzer likutuluka pansi pa siteji, nkhalamba zinzawo zikuvina awiriawiri, amayi anati kumeneko ndiye kukanakhala koyambira.

Ndiye malowa ndingawalimbikitse? Kwa achinyamata amene akufuna pogona pafupi ndi paki, ee, mtengo wake ndi woyenera ndipo chakudya cham'mawa ndi chokhutitsa. Kwa amene mukubwera ndi amayi kapena abambo a ndodo, musakhulupirire mawu oti palibe vuto. Auzeni akupatseni nambala ya chipindacho, ilembedwe pa risiti, ndipo funsani mwachindunji ngati pali sitepe ina iliyonse pakati pa khomo la kunja ndi bedi, komanso ngati shawa ili m'bafa. Akayamba kunena za pempho, pitani kwina. Ngati mulibe ana a sukulu, pewani sabata ya half-term, kuti zikavuta mukhale ndi kothawira.

Potuluka tinamupezanso mayi uja pa desiki. Pa bilu anawonjezerapo mapaundi 10, akuti a kusintha chipinda. Ndisanatsegule pakamwa bambo wa epuloni anatulukira, n'kutenga cholembera, kukhwatcha mzerewo, n'kubwerera kukhitchini. Amayi anamutsatira mpaka pakhomo la khitchini kukamuthokoza ndi manja awiri, ndipo anamusiyira paketi ya tiyi wa ku Thyolo imene inali m'chikwama mwawo. Za mapaundi 30 aja, mayiyo anati adzabwera ku akaunti pakatha masiku asanu ogwira ntchito. Mwezi watha tsopano. Abwana aja a Lolemba sayankha imelo, ndipo foni ikaimbidwa amayankha ndi yemweyo, n'kunena kuti awauza. Ndalamayo ikabwera ndidzalemba pansi pano.